Kusankha Mfuti ya Bolt ya Amanzere Yoitanitsa Kunja: Malangizo kwa Alenje

Mukalowa m'sitolo yogulitsa mfuti zosakira nyama, kaya ndi ku Lusaka, ku Pretoria kapena ku Birmingham, tayang'anani mfuti zomwe azindandalika pakhoma. Pafupifupi zonse kamkono ka bolt kali kumanja. Chonsecho mwa anthu khumi aliwonse, pafupifupi mmodzi ndi wamanzere. Makampani amapanga mfuti za amanzere zochepa, ogulitsa nawo safuna kuzisunga poti zimakhalitsa pashelefu. Mapeto ake mlenje wamanzere amachita kuitanitsa yake kuchokera kunja, n'kuidikira miyezi, asanaiikepo paphewa n'kamodzi komwe. Choncho mafunso onse ayenera kufunsidwa ndalama zisanachoke m'thumba.

Kwa amene simunaizolowere mfuti yamtunduwu, bolt ndi chitsulo chija choyenda m'mbuyo ndi m'tsogolo ngati mpiringidzo wa chitseko. Mumakweza kamkono kake, kukoka kuti chigoba cha chipolopolo chomwe mwawomba chituluke, kukankha kuti chipolopolo china chilowe, n'kutsitsa kuti mfuti itsekeke. Mfundo zili m'munsizi zitsateni m'ndondomeko yake. Dzina la kampani, lomwe ambiri amathamangira, likubwera pakati dala.

1. Yesani diso musanaganize za dzanja

Phewa lowombera limasankhidwa ndi diso. Tambasulani mikono yonse iwiri, phatikizani zikhatho kuti pakati patsale kabowo kakang'ono, ndipo kudzera pakabowopo yang'anani chinthu chomwe chili patali, maso onse ali chipenyere. Kenaka tsinzinani diso lamanzere. Chinthu chija chikasowa, ndiye kuti diso lanu lotsogolera ndi lamanzere. Chikakhala pomwepo, lotsogolera ndi lamanja. Bwerezani kangapo, tsiku lina mutapuma bwino.

Kwathu kuno mayeso amenewa ndi ofunika kwambiri. Ana ambiri obadwa amanzere ankapatsidwa kakhofi padzanja akati atemere nsima ndi dzanja lamanzere, ndipo kusukulu cholembera chinkasamutsidwira kumanja. Lero alipo akuluakulu olemba ndi kudya ndi manja, koma diso lawo silinamve nawo mwambowo. Munthu wotere akaika mfuti paphewa lamanja amapendeketsa khosi modabwitsa kuti diso lamanzere lifike pasikopu, ndipo amadabwa chifukwa chomwe amachedwera kuipeza nyama.

Palinso wamanzere weniweni yemwe diso lake lotsogolera ndi lamanja. Ameneyu ndingamulangize kuti ayambe wayesera kuwombera paphewa lamanja. Akazolowera, mfuti iliyonse m'sitolo ndi yake, ndipo zonse zotsatirazi sizimukhudza.

2. Zikalata zitsogole

Musalipire kanthu musanadziwe ngati boma la dziko lomwe mukukhala likulolani kukhala ndi mfutiyo, komanso komwe mukaigwiritse ntchito. Ku Malawi ndi ku Zambia chiphaso cha mfuti chimadzera kupolisi, pomwe chilolezo chosaka ndi china, chochokera ku nthambi yoona za nyama zakutchire. Ku Malawi simungasake m'mapaki monga Liwonde, Kasungu kapena Nyika, ndipo lamulo la nyama zakutchire lomwe linakonzedwanso mu 2017 limafika mpaka zaka 30 m'ndende kwa wopha nyama zotetezedwa kwambiri. Ku Zambia kusaka kovomerezeka kumachitika m'madera ozungulira mapaki, monga Lupande m'chigwa cha Luangwa, potsata lamulo la 2015 ndi chiwerengero cha nyama chomwe boma laloleza chaka chimenecho.

Amene muli ku South Africa, lamulo la mfuti la chaka cha 2000 limafuna kuti muyambe mwaphunzira n'kupeza satifiketi yosonyeza kuti ndinu woyenera, kenaka mupemphe laisensi ya mfuti imeneyo, yotchula nambala yake. Pomwe mukudikira, mfuti imagona kwa wogulitsa. Ku Britain apolisi amalemba pachiphaso kukula kwa mfuti yomwe akulolani kugula, ndipo ku England ndi Wales agwape akuluakulu a kumeneko sawombedwa ndi mfuti yochepera .240. Kulikonseko adzakufunsani za sefa yachitsulo yosungiramo. Igulenitu, n'kuikhomera kukhoma kapena pansi.

3. Sankhani chipolopolo, mfuti ibwera pambuyo

Pitani kwa wogulitsa wapafupi ndi kwanu, mumufunse zipolopolo zomwe sizisowa pashelefu yake chaka chonse. Mndandanda umene akupatseniwo ndiwo malire anu.

Pa nswala, mbawala, njiri, nyumbu ndi ngoma, .308 Winchester ya mu 1952 ndi .30-06 Springfield ya mu 1906 zimakwanira, ndi zipolopolo zolemera magireni 150 mpaka 180. Ya .270 Winchester ya mu 1925 imayenda mowongoka pamalo ayalayala. Ya 7x57 Mauser ya mu 1892 siikankha kwambiri ndipo ili ndi mbiri yaitali kum'mwera kwa Africa kuno. Ya .243 ndi ya nyama zing'onozing'ono. Musaikakamize pa nchefu.

Njati ndi nkhani ina. Mayiko ambiri a m'dera lino amaika malire a kukula kwa mfuti pa nyama zoopsa, ndipo .375 H&H Magnum ya mu 1912 ndiyo imadutsa malirewo pafupifupi paliponse. Ya 9.3x62 ya mu 1905 ndi yabwino, koma funsani kaye ngati lamulo la komwe mukupitako limaivomera pa njati.

Apa wamanzere ali ndi kamwayi kobisika. Makampani sapanga mfuti za amanzere m'zipolopolo zonse, amangosankha zodziwika zomwe zimayenda malonda. Zimenezo n'zomwenso zimapezeka kuno. Zipolopolo zamakono zomwe magazini a ku America amazitamanda chaka chino, zisiyeni. Mfuti yopanda chowombera ndi chitsulo chabe m'sefa.

4. Onetsetsani kuti ndi yamanzere yeniyeni

Pano m'pamene anthu amataya ndalama. Zomwe amazitsatsa kuti ndi za amanzere zili m'magulu atatu.

Yoyamba ndi mfuti yamanja yomwe angoiveka mpini wa amanzere. Chotsamira tsaya chili mbali yoyenera, koma kamkono ka bolt ndi khomo lotulukira zigoba zili kumanja. Zoterezi n'zambiri pamsika wa mfuti zakale ku Ulaya. Yachiwiri ndi ya mpini wosakondera mbali, yomwe wogulitsa amati ndi ya aliyense, koma chitsulo chake n'chamanja. Yachitatu ndiyo mukufuna: kamkono kumanzere, khomo la zigoba kumanzere, mpini wa amanzere kapena wosakondera.

Ena amati kusiyanaku n'kwa manyado chabe. Taonani zomwe zimachitika. Wamanzere akaika mfuti paphewa, tsaya lake limagona kumanja kwa mpini. Pa mfuti yamanja, kumeneko n'komwe kuli khomo. Chigoba chotentha chimadutsa pamaso pake, koma limenelo ndi vuto laling'ono. Chipolopolo cha .308 chikaphulika, mphamvu ya mpweya m'chipinda chake imatha kufika ma bar 4,000. Chigoba chikang'ambika kapena kakapu kake kakabooka, mpweya wotenthawo pamodzi ndi tizidutswa ta chitsulo timafuna potulukira. Opanga mfuti amakonzeratu njira zoti utuluke kutali ndi nkhope ya wowombera, koma wowombera yemwe ankamuganizira ndi wamanja. Zimachitika mwa apo ndi apo, inde, koma omwe ali panjirapo ndi maso anu.

Chachiwiri ndi chipolopolo chobwereza. Pa tebulo lowombererapo wamanzere angathe kuyendetsa bolt yamanja ndi dzanja lamanja popanda vuto, poti mfuti yatsamira pathumba la mchenga. Ataimirira m'tchire sizitero. Dzanja lamanja lanyamula kutsogolo kwa mfuti, ndiye lamanzere liyenera kuchoka pathiriga, kulumpha pamwamba pa sikopu, kukasaka kamkono kutsidya, mfuti itapendekeka, nyama yovulala ikulowa m'zitsamba. Alipo alenje omwe anazolowera zimenezi mpaka amachita mwachangu chodabwitsa, koma ngati mukugula yatsopano palibe chifukwa chogulira vuto.

Pemphani zithunzi za mbali zonse ziwiri, zoonetsa zolemba za pampope. Chithunzi chimatha kutembenuzidwa pakompyuta, mfuti yamanja n'kuoneka yamanzere. Zilembo zikakhala chagada, mwadziwa. Pa invoyisi alembepo nambala ya fakitale ya mtundu wa amanzere.

5. Makampani omwe amapangadi za amanzere

Savage ya ku America inatulutsa Model 110 mu 1958, ndipo ya amanzere inatsatira mu 1959, nthawi yomwe makampani ena akuluakulu sankawalabadira amanzere. Mpaka pano ndi imodzi mwa makampani omwe ali ndi mitundu yambiri ya amanzere. Sizokongola kwenikweni, koma zimalasa pomwe mwaloza, ndipo sefeti yake ili pamwamba kumbuyo kwa bolt, pomwe chala chachikulu cha dzanja lililonse chimafika.

Tikka T3x imapangidwa ndi Sako ku Riihimäki m'dziko la Finland. Bolt yake imayenda mosalala, thiriga yake ndi yabwino ikamachoka kufakitale, ndipo mtundu wa Lite umalemera pafupifupi makilogalamu atatu. Kwa munthu wofuna mfuti imodzi ya nyama wamba, ine ndingayambire pamenepa. Dziwani chabe kuti mfuti yopepuka imakankha kwambiri, maka mu .30-06 ndi kupitirira.

Browning X-Bolt, yopangidwa ndi Miroku ku Japan, ili ndi ya amanzere, ndipo kamkono kake kamangokwera madigiri 60, motero sikagunda sikopu. Zastava M70 ya ku Kragujevac ku Serbia ndi njira yotsika mtengo yopezera kapangidwe ka Mauser kumanzere, ngakhale kawirikawiri imafika yokhakhala ndipo imafuna mmisiri aisalaze. Ruger yakhala ikupanga za amanzere, kuphatikizapo zazikulu za .375 Ruger, koma chipolopolo chimenecho si .375 H&H, ndipo sizilowana. Winchester Model 70 ya amanzere inkapangidwa ku New Haven fakitaleyo isanatsekedwe mu 2006, ndiye muisake pamsika wa zakale. Blaser R8 ya ku Isny ku Germany bolt yake mumangokoka n'kukankha osakweza, ndipo mungaiveke bolt ya kumanzere. Vuto lake ndi ndalama basi.

Mitundu imalowa n'kutuluka pamsika chaka ndi chaka. Kuona mfuti m'kabuku ka kampani sikutanthauza kuti ilipo m'nkhokwe. Funsani wogulitsa ngati ilipo kale kapena akudikira kuti fakitale idzapange.

6. Chikhadabo cha Mauser n'chofunika kwa yani?

Mfuti ya Paul Mauser ya mu 1898 ili ndi chikhadabo chachitali m'mbali mwa bolt, chomwe chimagwira chipolopolo chikangodzuka m'magazini n'kuchisunga mpaka chigoba chitatayidwa. Ngakhale mutakoka bolt musanaikankhe mpaka kumapeto, chipolopolo chimabwerera nayo, sichitsala m'njira kuti chinzake chidzachigunde. Zastava M70, Ruger Hawkeye ndi Model 70 Classic zimatsata njira imeneyi. Tikka, Savage, Browning ndi Remington 700 zimangochikankha chipolopolo, n'kuchigwira bolt ikamatsekeka. Pa nswala ndi ngoma zonse zili bwino, musataye tulo. Pa njati alenje ambiri odziwa amakonda chikhadabo, ndipo ine ndili nawo mbali imodzi.

7. Mpini ukuyeneni

Kuchokera pathiriga kufika kuthako la mpini, mfuti zambiri za m'fakitale zimakhala masentimita 34 mpaka 36. Pezani yamanja ya mtundu womwewo kwa mnzanu kapena m'sitolo, muiike paphewa mutatsinzina, kenaka mutsekule diso. Ngati chala chachikulu chikukhudza mphuno, mpini wafupika. Ngati mukusolola khosi, watalika. Wautali amadula, waufupi amawonjezera labala wokhuthala.

Mipini ina, maka ya ku Ulaya, imapindika pang'ono kumbali kuti diso ligwere pamzere, ndipo pogwirira dzanja pamakhala potupa mbali imodzi. Zonsezi ziyenera kukhala za amanzere. Mpini wa thabwa ndi wokongola koma umamwa chinyezi, ndipo ukafufuma umatha kukankha mpope, malo olasa n'kusuntha pakati pa chilimwe ndi dzinja. Wa pulasitiki wolimba sumva mvula.

8. Sikopu ndi zomangira zake muitanitsire limodzi

Kampani iliyonse ili ndi kamangidwe kake. Tikka ili ndi mizere yakeyake pamwamba, ina imafuna kanjanji ka Picatinny komangidwa ndi masikuluwu. Tinjanji tina timakhala tosemedwa mbali imodzi kuti zigoba zidutse, choncho tchulani kuti mfuti ndi yamanzere.

Kanthu kena kamene ambiri amakazindikira mochedwa ndi aka. Masikopu amakono amakhala ndi chopotokola chachikulu kumanzere, chowalitsira kapena chokonzera kaonedwe ka patali. Pa mfuti yamanja sichisokoneza kanthu. Pa yamanzere chimakhala pamwamba penipeni pa khomo, ndipo chigoba chimatha kuchigunda n'kugweranso mkati, bolt n'kukanika kutseka. Mukaona timikwingwirima ta mkuwa pansi pa chopotokolacho, ndi zimenezo. Sikopu yosachulutsa zinthu ya 3-9x40 kapena 2-7x33 ilibe vutoli, ndipo pa mtunda wa mamita 50 mpaka 200, womwe nyama zambiri za m'tchire la miombo ndi tsanya zimawomberedwa, n'njokwanira.

9. Mukagula yakale

Mfuti zopangidwa ku Germany, Finland, Czech Republic, Italy, Belgium ndi Britain zimayesedwa ndi chipolopolo champhamvu kuposa chanthawi zonse n'kudindidwa chidindo, potsata mgwirizano wa CIP womwe unayamba mu 1914. America siili mu mgwirizanowu. Kumeneko makampani amatsata miyezo ya SAAMI mwa kufuna kwawo. Pemphani chithunzi cha zidindozo, cha nambala ya mfuti, cha kumaso kwa bolt ndi cha kukamwa kwa mpope. Mzere wodyeka mozungulira kabowo ka kumaso kwa bolt umasonyeza kuti mpweya wakhala ukuthawira kumbuyo.

Samalani ndi mfuti zomwe zinabadwa zamanja, mmisiri wina n'kudula kamkono n'kukawotcherera kumanzere. Khomo ndi njira za mpweya zimatsala komwe zinali. Werenganinso bwino dzina la chipolopolo pampope. 7x57 ndi 7x57R ndi zosiyana, ndipo mfuti zakale za ku Germany za 8x57 zili pawiri: za I zili ndi mpope wopapatiza kuposa za IS, moti kuwombera chipolopolo cha IS mu mpope wa I n'kuputa ngozi.

10. Itanitsani kudzera mwa wogulitsa wovomerezeka

Pamafunika chilolezo cholowetsera mfuti kuchokera ku dziko lanu, ndi chilolezo chotulutsira kuchokera ku dziko lomwe ikuchokera, ndipo kawirikawiri chachiwirichi sichituluka choyamba chisanaoneke. Ku America, kuyambira mu Marichi 2020, zilolezo za mfuti zosakira zimaperekedwa ndi unduna wawo wa zamalonda. Wogulitsa yemwe ndi nthumwi ya kampaniyo m'dera lanu angaiphatikize mfuti yanu mu katundu wake wamkulu, ndipo zimatsika mtengo kusiyana n'kuitanitsa imodzi payokha. Mgwirizano ukhale wolembedwa: mtundu, chipolopolo, mbali ya bolt, ndalama zonse pamodzi ndi msonkho ndi mayendedwe, amene asenze kusintha kwa mphamvu ya kwacha kapena randi, komanso zomwe zidzachitike ikadzafika yamanja kapena apolisi akadzakana chiphaso.

Musatumize wachibale wobwera kutchuthi kuti akubisireni bolt, mpope kapena zipolopolo m'sutikesi, kapena m'galimoto yomwe mwaitanitsa. Ku Britain bolt payokha imawerengedwa ngati gawo la mfuti lofuna chiphaso. Ngakhale woyenda ndi zikalata zonse pandege saloledwa kupitirira makilogalamu asanu a zipolopolo.

11. Ganizirani tsiku lomwe idzathyoke

Magazini nthawi zambiri ndi ofanana ndi a mfuti yamanja. Bolt, mpini, ndipo pa mitundu ina chikhadabo ndi thiriga, n'zosiyana. Mmisiri wa mfuti wa m'tauni yanu angakhale ndi bokosi lodzaza zipangizo koma zonse zamanja. Pomwe mukuitanitsa, onjezanipo chikhadabo chapadera ndi kasipuling'i kake, kamsomali komenya kakapu, ndi magazini wachiwiri, ngati lamulo likulola. N'zotchipa zikabwera m'bokosi limodzi ndi mfuti.

Kumbukiraninso kuti pogulitsa, ogula adzakhala ochepa. Mfuti ya .308 kapena .30-06 ya kampani yodziwika imapeza wamanzere mnzanu msanga kuposa ya chipolopolo chachilendo.

12. Ikafika, musathamangire kutchire

Muli pakauntala pomwepo, fananizani nambala ya pamfuti ndi ya pachiphaso, chilembo ndi chilembo. Tsekulani bolt, onani ndi maso komanso ndi chala kuti mulibe kanthu. Kunyumba pukutani girisi wa m'fakitale mu mpope, chifukwa kuwombera mpope uli ndi mafuta kumakweza mphamvu ya mpweya. Ngati ndi yakale, mmisiri ayeze ndi zoyezera zake mpata wa pakati pa bolt ndi chipolopolo musanawombe.

Gulani zipolopolo zabodza zophunzirira, zopanda wonga, mudzaze magazini, muyendetse bolt pang'onopang'ono kenaka mwaukali, mfuti ili paphewa. Chilichonse chilowe n'kutuluka osakodwa. Yesani sefeti: itsekeni, kokani thiriga, chotsani chala, itsekuleni, mfuti isakhethemuke yokha. Chitani izi mfuti italoza kopanda munthu, zipolopolo zenizeni zili m'chipinda china.

Ngati mwakhala zaka mukuwombera mfuti zamanja, dzanja lanu lidzapitabe kutsidya kukasaka kamkono komwe kulibe. Mphindi zochepa tsiku lililonse ndi zipolopolo zabodza zija zimachotsa chizolowezicho. Kenaka pitani kumalo ovomerezeka owombererako mutavala zoteteza maso ndi makutu. Yambani pa mamita 25 kuti mupeze pepala, musunthire pa mamita 100, muwombe zitatuzitatu, mukudikira mpope uzizire. Mukapeza mtundu wa zipolopolo womwe mfutiyo ikuukonda, lembani nambala ya pabokosi, mugule mabokosi angapo a nambala yomweyo malinga ndi kuchuluka komwe chiphaso chanu chikulola, ndipo mumalize ndi kuwombera mutaimirira pandodo zotsamiritsira, monga momwe mukawombere kutchire.